Staccato: kaimbidwe ka manotsi odukiza ndi momwe mungakaphunzirire

Mukatsegula pepala la nyimbo n'kupeza timadontho pamwamba kapena pansi pa manotsi, wopeka nyimboyo akufuna kuti notsi iliyonse iime payokha, isagundane ndi inzake yotsatira. Kaimbidwe kameneka ndiko staccato. Ndi mawu a Chitaliyana onena za chinthu cholekanitsidwa, ndipo potchula timati "sitakato". Anafika m'mapepala athu limodzi ndi anzake monga forte, piano ndi legato, chifukwa m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 oimba a ku Italy anali patsogolo ku Ulaya, ndipo maiko ena anatengera mawu awo.

Anthu ambiri akangomva kuti apa pali staccato amayamba kumenya makiyi mwamphamvu, ena amathamanga. Zonse ziwirizi sindizo. Staccato sikhudza kukweza mawu, sikhudzanso liwiro. Nkhani yake ili pothera notsi: mumaidula isanathe nthawi yake, ndipo nthawi yotsalayo imakhala zii mpaka notsi ina ifike pa malo ake enieni. Amene wagwira mfundo imeneyi watha theka la ntchito. Zotsalazo ndi kuphunzitsa thupi.

Yambani ndi kuzindikira chizindikiro

Pa manotsi olembedwa m'mizere isanu, kadontho ka staccato kamakhala pamwamba kapena pansi pa mutu wa notsi, nthawi zambiri mbali imene kulibe mwendo wake. Mwendo ukaloza m'mwamba, kadontho kali pansi. Ukaloza pansi, kadontho kali pamwamba. Pa mapepala a kwaya, pamene sopulano ndi alito agawana mizere imodzimodziyo, timadontho ta sopulano timakhala pamwamba, ta alito pansi, kuti aliyense adziwe take.

Chenjerani ndi kadontho kena kamene kamakhala kumanja kwa notsi, pambali pake penipeni. Kameneko ntchito yake ndi yosiyana kotheratu: kamatalikitsa notsi powonjezera theka la nthawi yake, kotero kuti notsi ya mabiti 2 (biti ndi kugunda kumodzi kwa nyimbo) imasanduka ya mabiti 3. Ka pambali kamatalikitsa, ka pamwamba kapena pansi kamafupikitsa. Pa pepala loti lapangidwa fotokope kangapo timadontho timeneti timasokonekera ndi litsiro la inki, choncho pezani pepala looneka bwino musanayambe kuphunzitsa anthu.

Palinso abale ake a kadontho aka. Kachizindikiro kosongoka ngati nsonga ya mkondo kamatanthauza staccatissimo, kufupikitsa kwambiri. Timadontho tokhala pansi pa mzere wokhota ngati uta timatanthauza portato: manotsi amalekana pang'ono chabe, mofatsa. Mzere wokhotawo ukakhala wokha popanda timadontho, ndiye legato, kulumikiza manotsi popanda mpata. Nthawi zina wopeka amaika timadontho pa manotsi oyamba okha kenako n'kulemba simile, kapena sempre staccato, kutanthauza kuti pitirizani chomwecho mpaka akuuzeni zina.

Kwa ife amene tinakulira pa sol-fa, pali msampha wina. Kalembedwe ka d r m f s l t, kamene John Curwen anakafalitsa ku England m'zaka za m'ma 1800 potengera njira ya Sarah Glover wa ku Norwich, kamagwiritsa ntchito kadontho pogawa biti pakati. Mukaona d.d ndiye manotsi awiri m'biti imodzi, si staccato ayi. Koma sol-fa yomweyo ikhoza kukuthandizani kuonetsa kwaya chimene staccato imachita. Lembani pa bolodi mizere iwiri iyi, momwe | ndi : zikulekanitsa mabiti:

| d : d | d : d |

| d . : d . | d . : d . |

Mzere woyamba, notsi iliyonse yadzaza biti yake. Wachiwiri, notsi yatenga theka loyamba la biti, theka linalo lasiyidwa lopanda kanthu. Mzere wachiwiriwo ndiwo mmene woyamba umamvekera ukaikidwa staccato. Aloleni aone ndi maso kuti malo oyambira notsi iliyonse sanasunthe.

Kenako werengani nthawi, chida chisanafike m'manja

Tsitsani pa foni pulogalamu ya metronome, imene imagunda mofanana posunga nthawi ya nyimbo, zilipo zambiri zaulere, muitchere pa 60. Pamenepo biti imodzi ndi sekondi imodzi. Werengani mokweza kuti "1 ndi 2 ndi 3 ndi 4 ndi", nambala ikugwera pa kugunda kwa metronome, "ndi" ali pakati. Mukakhazikika, sinthani: pa nambala nenani "ta", pa "ndi" khalani chete koma mukuwerengabe mumtima. Theka la sekondi liwu, theka la sekondi zii.

Apa ndi pamene vuto lalikulu la staccato limaonekera. Munthu akadula notsi msanga, thupi limafuna kudzaza mpatawo poyamba notsi yotsatira nthawi isanakwane. Biti iliyonse imabedwa pang'ono, ndipo pofika kumapeto kwa mzere nyimbo yathamanga popanda amene anaganiza zoithamangitsa. Mukamva kuti "ta" wanu wayamba kutsogolera metronome, musakweze liwiro. Bwererani kowerenga "ndi" mokweza. Mpata wa zii uja ndi gawo la nyimbo, uli ndi nthawi yake imene iyenera kusungidwa ngati ya notsi. Zikayenda pa 60, kwezani pang'onopang'ono kufika 80, 100, mpaka 120 pamene liwu limangotenga gawo limodzi mwa magawo 4 a sekondi.

Theka limeneli ndi poyambira chabe, si lamulo losasintha. Carl Philipp Emanuel Bach, mwana wa Johann Sebastian Bach, polemba za kaimbidwe ka limba mu 1753 anaphunzitsa kuti manotsi odukiza azigwiridwa mochepera pang'ono theka la nthawi yake, ndipo kuti woimba aziyang'ana liwiro ndi mtima wa nyimbo. M'nthawi yakeyo ngakhale kadontho ndi kamzere kosongoka sizinkasiyanitsidwa bwino monga lero. Ine ndimaona kuti mfundo yake yoyang'ana mtima wa nyimbo ndi imene tiyenera kuisunga kwambiri. M'nyimbo yodekha staccato imatalikirapo, imakhala yofewa. M'nyimbo yachangu ndi yachimwemwe imakhala yaifupi, yopepuka.

Kwa oimba ndi mawu

Imani chilili, ikani dzanja pamimba, pansi pa nthiti. Nenani "ha, ha, ha, ha" motsitsa, ngati kuseka kwapang'onopang'ono. Muyenera kumva mimba ikulowa pang'ono pa "ha" aliyense n'kubwerera yokha. Kubwererako ndiko kumadula liwu. Pakhosi pazikhala potseguka nthawi yonseyi, ngati mukufuna kuyasamula. Mukamva kakuti "gwa" pakhosi pothera notsi iliyonse, mukudula ndi khosi, ndipo pulakatisi isanathe mawu adzakhala atasasa. Mapewa asakwere, chibwano chisagwedezeke.

Tsopano ikani liwu. Sankhani notsi yapakati imene simuvutika nayo, muimbe "ha" kanayi pa notsi yomweyo. Kenako d m s m d, kenako d m s d' s m d. Njira yabwino ndi kuimba kaye mzerewo molumikiza, kenako staccato, mosinthanasinthana. Chifukwa chake n'chakuti notsi yaifupi ilibe nthawi yokonzera. Pa notsi yaitali munthu akhoza kuyamba pansi pang'ono n'kukwera kufika pa malo ake, omvera osazindikira kwenikweni. Pa staccato, pamene mwayambira ndi pomwepo. Muyenera kuimva notsiyo m'mutu musanatsegule pakamwa. N'chifukwa chake ndimakonda kuyamba pulakatisi ndi staccato ngakhale nyimbo za tsikulo zilibe kadontho n'kamodzi komwe: imawongola makutu a kwaya.

Musapume pakati pa notsi iliyonse. Mpweya umodzi ukwanire mzere wonse monga mmene ukanachitira pa legato. Amene amakoka mpweya pa mpata uliwonse amadzaza chifuwa mopitirira, amayamba kumva chizungulire, ndipo phokoso la kupumako limamveka kwa omvera. "H" uja ndi wothandizira pophunzira basi. Mukazolowera muchepetseni mpaka atsale "a" woyera.

Mukafika pa mawu enieni a nyimbo, Chichewa chili ndi ubwino wake ndi msampha wake. Ubwino ndi wakuti maphatikizo athu amathera pa a, e, i, o, u, choncho notsi imatha poyera. Msampha uli pa mawu okhala ndi mb, nd, ng, nj. Tengani mawu akuti "Ambuye". Maphatikizo ake ndi A-mbu-ye. Koma kwaya ikamaimba, milomo imatsekeka msanga pokonzekera "mbu", ndipo "m" amayamba kung'ung'udza mu mpata umene unayenera kukhala zii. Zimamveka "Am-bu-ye", manotsi awiri oyamba atalumikizidwa ndi kung'ung'udzako. Auzeni kuti akatha "A" asiye pakamwa potsegula, "m" abwere limodzi ndi "bu" pa biti yake. Chimodzimodzi "ti-ta-ma-nde": "n" ndi wa "de", si wa "ma". Yang'anani milomo ya oimba anu, mudzaona ndi maso amene akutseka msanga.

Chinanso, poyankhula timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto kwa mawu: titaMAnde, aMBUye. Pa staccato simungalikoke, koma mungalipatse kulemera pang'ono kuposa anzake. Mukapanda kutero maphatikizo onse amafanana ndipo mawuwo samvekanso ngati Chichewa. Pa nyimbo za Chingerezi vuto limakhala lina: mawu ambiri amathera pa t, d, k kapena s, ndipo kwaya yonse iyenera kutula chilembo chimenecho nthawi imodzi, msanga, mkati mwa theka loyamba la biti.

Kwa oimba limba ndi kiyibodi

Choyamba chotsani phazi pa pedulo. Mu piyano yeniyeni, mukasiya kiyi kansalu kolimba kamagwera pa nsambo n'kuziziritsa kulira kwake. Pedulo yakumanja imanyamula tinsalu tonseto nthawi imodzi, ndiye ngakhale chala chidumphe bwanji, liwu limapitirirabe. Kiyibodi yamagetsi imatsanzira zomwezo. Ina ili ndi batani kapena malo olembedwa Sustain. Onetsetsani kuti n'pozimitsa. Chepetsaninso Reverb, imene imachititsa liwu kupitiriza kumveka ngati muli m'chipinda chachikulu. Ndipo sankhani liwu loyenera: Piano kapena Organ. Mawu a Strings ndi Pad amachedwa kuyamba, amachedwanso kutha, moti staccato imangosungunuka. Pophunzira, Organ ndi mphunzitsi wabwino koposa, chifukwa liwu lake silichepa lokha. Limalira mpaka mutasiya kiyi, ndipo limakuululani nthawi yomweyo ngati mwachedwa.

Ikani zala zisanu za dzanja lamanja pa C D E F G, zitapindika pang'ono, mkono uli womasuka. Yambani chala chitakhudza kale kiyi. Kanikizani n'kulola dzanja lonse lidumphe kuchokera pa mfundo ya dzanja, ngati nkhuku ikujompha chimanga: mlomo ukangokhudza wabwerera kale. Maganizo anu akhale pa kubwererako, osati pa kutsika. Musanyamule dzanja patali. Kutalika kwa chala chimodzi chopingasa n'kokwanira. Amene amagwetsa dzanja kuchokera m'mwamba amaphonya makiyi, ndipo notsi iliyonse imatuluka yaukali.

Imeneyi ndi staccato ya dzanja, yoyenera manotsi a liwiro lapakati ndi makodi (manotsi angapo olira pamodzi) opepuka. Manotsi akakhala othamanga kwambiri dzanja silingadumphe pa iliyonse. Pamenepo dzanja limakhala phee, chala chokha n'chimene chimakanda kiyi n'kubwerera chakuchikhatho. Makodi akuluakulu ofuna mphamvu amatenga mkono wonse kuchokera pa chigongono. Pa makodi, mvetserani ngati zala zonse zikuchoka limodzi. Kawirikawiri chala chachikulu chimatsalira, n'kusiya notsi imodzi ikulira yokha.

Yesani zonsezi motsitsa kwambiri, kenako mokweza, kuti manja aphunzire kuti kufupika ndi kukweza n'zinthu ziwiri. Mukatha apo bwerani pa chovuta chenicheni: dzanja lamanja legato, lamanzere staccato, pa manotsi asanu omwe aja, pang'onopang'ono kwambiri. Poyamba manja amatsanzirana, lina likadumpha linzake limadumphanso. Pitirizani modekha, kenako sinthanitsani. Nyimbo zambiri zimafuna zimenezi: mzere wa nyimbo ukuyenda mosalala pamwamba, besi ikudumpha pansi. Mukamva kuwawa kapena kuuma pamkono, imani, gwedezani manja, muyambirenso mopepuka.

Kwa a gitala ndi besi

Nsambo ikakhudzidwa imalira mpaka itatopa yokha, choncho pa gitala staccato ndi ntchito yozimitsa. Gwirani kodi imene chala cholozera chagona pa nsambo zonse. Menyani kamodzi, ndipo nthawi yomweyo masulani mphamvu ya dzanja lamanzere, koma zala zisachoke pa nsambo. Nsambo zimanyamuka pa tizitsulo ta pa mkono wa gitala, khungu la zala n'kuzizimitsa. Kusuntha kwake n'kochepa kwambiri moti woonerera sangakuone. Mukachotsa zala zonse, nsambo zimalira zopanda kugwira, phokoso limene simunaliitane.

Amene amaimba reggae akuidziwa kale ntchito imeneyi ngakhale sanaitchulepo dzina: kakodi kakafupi kogwera pakati pa kugunda kwakukulu ndi staccato yeniyeni, ndipo kukoma kwake kuli pa mpata umene kamasiyira besi ndi ng'oma. Ngati kodiyo ili ndi nsambo zosagwira, dzanja lamanzere silingazizimitse zonse. Gwiritsani ntchito m'mbali mwa chikhatho cha dzanja lamanja, kugwetsa pa nsambo mukangomenya.

Pa besi, chala chimene chikudzakoka notsi yotsatira chifike msanga n'kukhala pa nsambo. Kufikako ndiko kumadula notsi yoyamba. Mukamazimitsa ndi dzanja lamanzere gonekani zala ziwiri kapena zitatu, chifukwa chala chimodzi chikakhudza mopepuka pamwamba pa kachitsulo ka 5, ka 7 kapena ka 12, nsambo imatulutsa kaliwu kakang'ono kokwera m'malo mokhala chete.

Kwa a malipenga ndi zitoliro

Lilime ndilo limayambitsa notsi, ngati mukunena "ta". Poyamba imbani notsi imodzi yaitali, yodzaza bwino. Kenako, mpweya ukutulukabe chimodzimodzi, iduleni kanayi ndi lilime popanda mpata. Pomaliza tsegulani mipata pang'onopang'ono, mimba ili yolimba ngati notsi ikupitirira. Aphunzitsi ambiri a malipenga amaletsa kutseka notsi ndi lilime ngati "tat", chifukwa mathero ake amamveka ouma. Notsi ithere potseguka, "ta". Notsi yaifupi imafuna mpweya wofanana ndi wa yaitali. Mukauchepetsa, lipenga limasweka mawu kapena kugwera pa notsi ina. Pothamanga kwambiri a malipenga amasinthanitsa nsonga ndi kumbuyo kwa lilime, "ta-ka-ta-ka", koma zimenezo zidikire mpaka "ta" wamba atayera.

Pa vayolini uta umayenda pang'ono n'kuima uli pa nsambo. Ukamadumpha kuchoka pa nsambo amati spiccato, ndipo kukoka nsambo ndi chala ndi pizzicato. Pa ng'oma, kusiya chikhatho pa chikopa mutamenya kumadula kulira kwake, chinthu chimene oimba ng'oma kumudzi amachita mwaluso kuyambira kale.

Ikani zonse pamodzi

Munthu mmodzi akhoza kudula bwino, koma gulu limafuna kugwirizana pa utali wa notsi. Mu kwaya ya anthu 30, atatu okha akachedwa kusiya, mpata wa zii watha ndipo khama la ena onse lapita pachabe. Mtsogoleri asankhe utali, auimbe yekha kuti onse amve, kenako ayese gulu lililonse palokha: sopulano, alito, tena, besi. A besi amafuna chidwi chapadera chifukwa mawu akuluakulu amachedwa kuyamba ndi kutha. Nthawi zambiri ayenera kudula msanga pang'ono kuposa ena kuti zimveke zofanana. Dzanja la wotsogolera lionetse zomwe akufuna: kagwedezedwe kakang'ono, kodumpha, kochokera pa mfundo ya dzanja. Simungakupize mikono mokoka n'kumayembekeza manotsi odukiza.

Mvetseraninso chipinda. M'tchalitchi chachikulu cha makoma a simenti ndi denga la malata, liwu limapitiriza kuzungulira mutasiya kale, choncho dulani mofupikirapo. Panja, pa bwalo, liwu limafera pomwepo, ndipo staccato yaifupi kwambiri imamveka yowonda, italikitseni pang'ono. Chipinda chodzaza anthu chimameza mawu kuposa chopanda anthu, ndiye zimene munagwirizana Loweruka pa pulakatisi mwina zifunika kusintha pang'ono Lamulungu. Ikani foni kumbuyo kwenikweni kwa chipinda, jambulani mzere umodzi, mumvetsere nonse pamodzi. Funso likhale limodzi: kodi pakati pa manotsi pakumveka zii?

Ndipo ngakhale manotsi alekana, mzere wa nyimbo ndi umodzi. Uli ndi kumene ukuchokera ndi kumene ukupita. Imbani mzerewo legato kaye, muone pamene ukukwera mphamvu ndi pamene ukutsika, mulembe ndi pensulo notsi imene ili pachimake. Pobwerera ku staccato sungani kukwera ndi kutsika komweko. Manotsi asanu ndi atatu odukiza ofanana mphamvu amatopetsa khutu. Omwewo akamakula kulunjika pa notsi imodzi amanyamula omvera.

Ngati mukupeka kapena kukonza nyimbo nokha, musamwaze timadontho paliponse. Staccato imamveka bwino ikakhala pafupi ndi legato. Yesani kuti tena ndi besi adukize motsitsa pamene sopulano akuyenda mosalala pamwamba, kapena ndime ikhale yolumikiza, kolasi n'kudumpha. Yang'anani mawu a nyimboyo: a chikondwerero, a kuyenda, a kudzutsa anthu amalola kudukiza, a maliro ndi a kudandaula kawirikawiri amafuna portato kapena legato. Mukafuna mpata wa utali wotsimikizika, woti aliyense asunge chimodzimodzi, lembani notsi yaifupi ndi chizindikiro chopumira m'malo mwa kadontho, chifukwa kadontho kamasiyira woimba ufulu wosankha. Pa pepala la sol-fa, lembani stacc. pamwamba pa malo pamene ikuyambira ndi legato pamene ikuthera, kuti amene adzaphunzitse nyimboyo inu kulibe asachite kulota.